Seu Firmino, Matumbo a Ng'ombe

Mumsika wa ku Matinha, ukapitirira mabenchi a nsomba zouma, pali ngodya pamene fungo limasintha n'kukhala la chinangwa chokazinga. Pamenepo m'pamene Seu Firmino, kunena kuti Bambo Firmino, anathera zaka zawo, pakati pa matumba a farinya, ufa wokhakhala wa chinangwacho, opindidwa milomo bwinobwino. Sankaitanira malonda. Wogula akafika ankatapa yekha ndi nsonga za zala n'kuponyera m'kamwa, iwo maso ali pa nsagwada zake. Farinyayo ikalira pa mano, ankayamba kudzaza chitini asanauzidwe, ndipo pamwamba pa muyezo ankaonjezapo kadzanja, amvekere, "Aka n'ka mbalame za m'njira." Amalonda achinyamata ankawaseka kuti akutaya phindu, koma matumba oyamba kutha pamsikapo ankakhala awo.

Komabe mukanafunsa munthu m'tauniyo kuti Firmino ndani, sakanatchula farinya. Akanati ndi matumbo a ng'ombe ya a Tibúrcio. Mwezi wa Juni ukafika, gulu la a Tibúrcio linkatulutsa ng'ombe yake yovinira Yohane Woyera, mafupa ake timitengo topepuka, chikopa chake veleveti wakuda wopetedwa ndi mikanda, nsalu ikulendewera m'mbali mpaka pansi. Munthu wolowa m'kati n'kuisenza ndiye amatchedwa matumbo. Nkhope yake sioneka, amaoneka mapazi okha. Ndipo mapazi a Firmino anthu ankawadziwa ngakhale ali patali. Ng'ombe ikakhala pa iwo inkanunkhiza pansi, inkachita manyazi ndi atsikana, inkathamangitsa ana mpaka kulowa nawo m'makonde a eni.

Sankavinira kutchuka ayi. Chinali chowinda. Mwana wawo Lindalva ali wakhanda anadwala malungo aakulu nthawi ya madzi osefukira, msewu utamira, njati zoweta zokha zikusambira m'madambo. Ali m'bwato kupalasa kupita naye kuchipatala, Firmino analonjeza Yohane Woyera kuti mwanayo akachira adzasenza ng'ombe chaka ndi chaka mpaka miyendo idzawakane. Mwana anachira. A Tibúrcio ndi amene anamunyamula pa ubatizo, ndipo kuyambira tsikulo awiriwo ankatchulana kuti compadre, kunena kuti bambo mnzanga, ndi ulemu wa inu ngakhale potukwanirana. Dona Domingas, akazi a Firmino, nawo anatenga mbali yawo ya chowindacho. Chikopa chatsopano cha chaka chilichonse ankapeta ndi iwo, mikanda umodzi umodzi, kuyambira mvula ikangoyamba.

Lindalva anakula, anakwatiwa, anapita kutali ku Pará ndi mwamuna wake. Firmino imvi zinamera, ndipo matenda a shuga anawapeza. Patapita nthawi anaona kuti khungu la kunsonga kwa chida chawo chaumuna layamba kuthina. Linkakana kubwerera kumbuyo posamba, linkang'ambika timizere, mkodzo ukadutsapo ngati tsabola. Anapirira miyezi. Tsiku lina atapita kukayezetsa shuga kuchipatala chaching'ono cha m'tauni, anamaliza zonse, anavala chipewa, anafika pakhomo, kenaka anaima chogwira chitseko.

"Pali china, Seu Firmino?" anafunsa dokotala, mayi wachitsikana wa msinkhu wa Lindalva.

"Ayi, dotolo. Kungoti pali mnzanga wina."

"Mnzanuyo atseke chitseko akhale pansi."

Anawayeza, maso a Firmino ali kudenga. Kenaka anawalembera mankhwala opaka a m'kachubu, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono ngati wophunzitsa mwana kuwoloka msewu. Anati mankhwalawo ndi a mtundu wa masiteroidi, amafewetsa khungu n'kuchotsa kutupa, ndipo ambiri amawathandiza. "Koma pakani kochepa, mwezi umodzi ndi theka basi, mubwere ndidzaone. Musapitirize panokha. Awa akakhalitsa amadya khungu."

Mlungu woyamba Firmino anadabwa. Kuwotcha kunatha, kuyabwa kunatha. Anayenda mumsika ngati wavula nsapato yothina. Anabwereradi kuchipatala pa nthawi yake, ali wokondwa, koma dokotala sanasangalale nawo. Panali mkombero woyera wolimba ngati chipsera, umene sunagonje.

"Apa mankhwala afika pamapeto pake," anatero. "Kwatsala kudula khungulo. Ndi opaleshoni yaing'ono, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Komanso tikufuna tione chimene chili m'katimo, chifukwa panopa sitikuchiona."

Tsiku la opaleshoni litatuluka, linagwera pakati pa Juni. Anauzidwa kuti pambuyo pake mwezi wathunthu osasenza katundu, osadumpha. Firmino anapinda kapepalako n'kukaika m'chipewa. Kudula munthu wamkulu, wa imvi, kumeneko? Ndipo gulu adzaliuza chiyani? Anadziuza kuti chikondwerero cha Yohane chikadutsa adzapita.

Kachubu katatha anatenga kabokosi kake n'kupita nako ku sitolo ya mankhwala. Wogulitsa anangokayang'ana n'kutsitsa kena pa shelefu, osafunsa kalata ya dokotala. Chaka chimenecho Firmino anavina ngati mnyamata. Tsiku la Yohane linadutsa, la Petro Woyera linadutsa, ng'ombe inaphedwa pa mwambo wake wotsekera nyengo, koma kuchipatala kuja sanapondeko. Apitirenji poti sipankapweteka? Akasiya kupaka masiku ochepa, moto unkabwerera woposa kale, ndipo iwo ankaona ngati umenewo ndi umboni wakuti mankhwalawo ndi amene akuwasunga. Shuga anayamba kukayezetsa kwina kuti asakumane ndi maso a dokotala uja.

Zinthu zinkasintha mwakachetechete. Khungu linapyapyala ngati khoko la anyezi, timitsempha tikuonekera, moti ngakhale kabudula wam'kati ankalichekula. Kunabwera zoyera zonga chimera, zonyowa, zoyabwa. Anaonjezera kupaka. M'chaka chachiwiri pobowola panachepa mpaka mkodzo unkatuluka ngati ulusi, ndipo pansi pa khungu, pamene maso sakanafika, chala chinkamva kanthu kolimba ngati njere ya nyemba. Sikankapweteka. Kenaka kunabwera fungo.

Fungolo ndi limene linasintha moyo wawo kuposa ululu. Anamasula machila awo ogonamo m'chipinda n'kukawamanga pakhonde la kuseri, ati m'nyumba mukutentha. Anayamba kudzichapira okha zovala zam'kati kuchitsime, munthu amene sanagwirepo sopo wochapira chikwatirire. Anagula botolo la mafuta onunkhira n'kumadzithira m'mawa ndi masana. Ndipo poopa kuti wogulitsa mankhwala wa ku Matinha ayamba kudabwa, ankakwera basi kukagula kutauni ina, ku Viana, n'kumanamizira kuti akukaona alimi a chinangwa.

Msika sugona. Mmawa wina a Tibúrcio anafika pa benchi ya farinya, anatapa pang'ono, anaponyera m'kamwa, kenaka anakweza mphuno m'mwamba.

"Compadre, kodi lero mukugulitsa farinya kapena maluwa?"

"Tafunani zanu muzipita, compadre. Mwadya theka la thumba chaka chino osagula."

"Ayi, ine ndikungofunsa. Alimi a chinangwa a ku Viana masiku ano amafuna munthu afike akununkhira?" Anatembenukira amayi ogulitsa nsomba. "Dona Cotinha, mwamva? Ng'ombe yathu yapeza msipu watsopano!"

"Ng'ombe yokalamba imakonda udzu wanthete," anayankha mayiwo akuthamangitsa ntchentche. "Koma isamale, Dona Domingas singano amaidziwa."

Mzere wonse unafa ndi phwete. Firmino anaima ndi chitini m'manja. Akanatha kukana. Koma anaona mmene amuna anzawo ankawayang'anira, mwansanje pang'ono, mwaulemu pang'ono, ndipo anaona kuti bodza limeneli n'lopepuka kusenza kusiyana ndi zoona. Anakankhira chipewa kutsogolo n'kumwetulira.

"Compadre, ng'ombe sinena kumene yadya."

Ndi mawu amenewo anadzitsekera okha. Madzulo nkhani inali itafika kale kunyumba. Dona Domingas sanafunse kanthu. Anaika mpunga ndi nsomba patebulo, anabwerera pa mpando wawo wa pazenera, anatenga veleveti ndi mbale ya mikanda. Anali mayi wodzisunga, mwana wa msodzi, wosazolowera kupempha chikondi. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munkamveka singano yokha ikuboola nsalu. Firmino ali m'machila awo kuseri ankaimva, ndipo kangapo anadzuka kuti akanene, n'kukafika pakhomo, n'kupempha madzi akumwa.

Zinatero mpaka chaka chachinayi. Juni atayandikira, gulu linayamba kuyeserera masana pabwalo la a Tibúrcio. Firmino analowa pansi pa mafupa a ng'ombe, ng'oma zinalira, koma mapazi sanali aja. Mphechepeche mwawo munali mutatuluka zotupa ziwiri, ndipo akazungulira zinkakoka ngati mbedza. Anatuluka thukuta lili kamukamu, ati ndi shuga.

"Shuga wa ku Viana ameneyo," wina anaponya mawu, anthu n'kuseka.

Mmawa wake Dona Domingas anawapeza kuchitsime atawerama pa beseni. Madzi a m'besenimo anali ofiirira. Firmino anayesa kuphimba ndi thupi lawo.

"Mkazi wakoyo manja alibe?" anatero Dona Domingas. Mawu anatuluka ouma, ngati anawasunga nthawi yaitali m'thumba. "Amadziwa kukuthira mafuta onunkhira, koma kuchapa ayi? Zaka ziwiri ndakhala chete, Firmino. Ndati mwina zikutha zokha. Koma pachitsime cha mayi anga usachapirepo zonyansa zake."

"Domingas."

"Usanditchule. Ali ndi zaka zingati? Wofanana ndi Lindalva?"

"Kulibe mkazi, mayi iwe."

"Nanga ku Viana umakatani?"

Dona Domingas anasendera pafupi kuti awayang'ane m'maso, ndipo pamenepo, pansi pa mafuta onunkhira aja, mphuno yawo inakumana ndi fungo lina. Anali atasamalirapo bambo awo mpaka imfa, fungo limenelo ankalidziwa. Anayang'ana beseni, anayang'ana mwamuna wawo.

"Lowa m'nyumba," anatero motsitsa mawu. "Undionetse."

Ataona anakhala pansi, pa simenti penipeni. Sanalire msanga. Anangogwira chidendene cha mwamuna wawo ndi manja awiri.

"Ine ndimakupempherera zoipa, mdala. Usiku uliwonse ndimati Mulungu amulange. Iwe uli kuseriko ukuwola wekha." Kenaka mawu anasweka. "Unasankha kuti ndizikuda kusiyana n'kuti ndikuone? Ine amene ndinakusambitsa utathyoka mwendo?"

"Ndipita kuchipatala," anatero Firmino. "Ndalumbira. Yohane akangodutsa."

Dona Domingas anadzuka. Anatenga chikopa cha ng'ombe chimene chinali chitatsala pang'ono kutha, chokhala ndi chithunzi cha Yohane atanyamula mwana wankhosa, anachipinda, anachiika m'bokosi la zovala n'kukhoma. Kiyi anamumangirira pa mkanda wa m'khosi.

A Tibúrcio atabwera masana kudzaona chikopa, anapeza mayiwo atakhala pa bokosilo.

"Comadre, ubatizo wa ng'ombe wotsegulira nyengo wayandikira. Kodi mwamaliza?"

"Chikopa sichituluka m'nyumba muno, compadre, mpaka mwamuna wanga atakwera chombo chopita kuchipatala cha ku São Luís."

"Ha! Mwafika pothamangitsana? Comadre, zija n'zocheza chabe, mwamuna aliyense..."

"Khalani pansi, compadre. Firmino, auze wekha. Ukapanda kutero ndiwauza ine, ndipo ine sindisankha mawu."

Firmino ananena, maso ali pa zala za kumapazi. Sanafike n'kumapeto komwe. A Tibúrcio, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka chibadwire, anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Ndiye ine ndimaseka," anatero. "Mumsika monse, ine patsogolo."

"Ndinaseka nanu, compadre. Koma chowinda changa mukuchidziwa. Miyendo sinandikane."

"Yohane munamulonjeza mapazi, simunamulonjeze maliro. Ine ndinalipo pa ubatizo wa mwanayo, ndine mboni. Chaka chino alowa mwana wa mlongo wanga, Josué. Woyera akakwiya abwere kwa ine, akudziwa kumene ndimamwera kachasu."

Firmino ndi akazi awo ananyamuka m'mawa mwake, pa basi mpaka padoko, kenaka pa chombo. Kuchipatala chachikulu cha mumzinda Firmino anapeza chipinda chodzaza amuna onga iwo, asodzi, alimi, oweta njati, onse akuyang'ana kudenga, palibe wofunsa mnzake chimene chamubweretsa. Madokotala anawadula Firmino kanyama kukayeza. Zotsatira zitabwera, dokotala wa mutu wa dazi anawaitana pamodzi ndi akazi awo n'kutchula dzina la nthendayo. Inali khansa, ndipo inali itafika kale m'zotupa za mphechepeche zija.

"Ndiye mankhwala aja ndi amene andipha?" anafunsa Firmino.

"Mankhwala sanabweretse chotupachi, Seu Firmino. Chinamera chifukwa khungu linatseka, pansi pake osasambika, pakutupa zaka ndi zaka. Chimene mankhwala anachita ndi kutseka pakamwa thupi lanu. Likafuna kukuwa, inu mumapaka, n'kukhala chete. Apyapyalitsa khungu, alola tizilombo kuswana, makamaka poti muli ndi shuga. Koma choipa kwambiri n'chakuti anakupatsani mtendere wabodza."

"Akanapita nthawi ija?" anafunsa Dona Domingas.

Dokotala anatseka faelo pang'onopang'ono. "Nthawi ija tikanachotsa khungu lokha, mayi."

Tsiku limene ng'ombe inkabatizidwa ku Matinha, itavala chikopa chimene Dona Domingas anasiyira a Tibúrcio chosamaliza mwendo umodzi wa mwana wankhosa, Firmino anali pa tebulo la opaleshoni. Anachotsa chiwalo chonse, ndi zotupa za mbali zonse ziwiri. Atadzuka anapempha kuti awatembenuzire kukhoma.

Anabwerera kwawo mvula itatha, madambo atauma. Mabala anapola, koma miyendo inatupa ngati mitsuko ndipo sinaphwe, chifukwa njira za madzi a m'thupi zinapita limodzi ndi zotupa zija. Mapazi amene tauni yonse inkawadziwa sankalowanso mu nsapato. Machila awo anabwerera m'chipinda, pafupi ndi a akazi awo. Kumsika ankapita Dona Domingas, ndipo kadzanja ka mbalame za m'njira sanakasiye. Ofunsa ankawayankha kuti ndi shuga, ndipo Dona Cotinha ndi anzawo ankavomera ndi mutu, osaonjezera. Firmino sankatuluka. Ngakhale a Tibúrcio akabwera, ankanamizira tulo.

Linafika tsiku lopha ng'ombe. Pa mwambowu ng'ombe imathawa, n'kukabisala pakhomo pa munthu wina, ndipo gulu limaifunafuna ndi nyimbo mpaka kuigwira ndi chingwe. Masana a tsikulo Firmino ali pa mpando kuseri kwa nyumba, miyendo itasanjikidwa pa chitini, anamva mpanda ukuthyoka. Ng'ombe inalowa, masamba atakoleka m'nyanga, mikanda ikung'anima padzuwa. Inaima patsogolo pawo n'kugwada. Pansi pa nsalu panatuluka Josué, wefuwefu.

"Amalume ati ibisale kuno, Seu Firmino. Ati matumbo ake enieni ali kuno."

"Ukuzungulira ndi mapewa, mwana iwe," anatero Firmino. "Ndakuona polowa. Ng'ombe imazungulira ndi chiuno." Kenaka anatambasula manja. "Tandiveke."

Josué anainyamula n'kuitsitsa pa iwo ali chikhalire, kenaka anatuluka kukaima kumsewu. M'katimo munali mdima uja, ndi fungo la thukuta, la timitengo, la veleveti wotenthedwa ndi dzuwa. Manja awo anapeza okha pogwira. Anayesa kudzuka. Anakankha ndi mphamvu zonse mpaka ng'ombe inagwedezeka, nyanga zinaloza kumwamba, koma miyendo inakana. Anayesanso, inakananso. Chowinda chinali chitatha monga momwe anachinenera m'bwato muja, ndipo Lindalva anali moyo ku Pará ndi ana ake. Firmino anatsamira mutu pa mtanda wa msana wa ng'ombe n'kulira kulira kumene anakusunga chichokere kuchipatala, poti m'kati mwa ng'ombe nkhope sioneka.

Nsalu ya m'mbali inatukuka, kuwala kunalowa. Dona Domingas anagwada, analowetsa mutu ndi mapewa, n'kudzipanikiza pambali pawo.

"Tuluka, mayi iwe. Muno salowa akazi."

"Chikopa n'changa. Sendera uko."

"Palibe malo."

"Apezeka. Zobisala wekha zija zinatha, mdala."

Anatsitsa nsalu kumbuyo kwawo. Kumsewu ng'oma zinali zikuyandikira, ndi timatabwa towomba, ndi mawu osasa a a Tibúrcio akuimba kufunsa ngati pali amene waona ng'ombe yawo. Dona Domingas anapukuta nkhope ya mwamuna wawo ndi nsonga ya diresi.

"Afika," anatero. "Compadre wabwera kangati iwe ukunamizira tulo? Lero umuyankha."

Firmino anakoka mpweya, anagwiritsa timitengo tija, n'kugwedeza mutu wa ng'ombe pang'onopang'ono, uku ndi uku, kuti mikanda ilire.